Tsiku Limodzi Patsogolo pa Ana

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinaphunzitsa Chirasha
pasukulu ya kumathero kwa msewu, ku At-Bashy.
Kenaka kunabwera kalata:
Mayi Burulkan, kuyambira Seputembala, Chingerezi.
Ndinaiwerenga kawiri, n'kuipinda kanayi,
n'kuchirikiza nayo mwendo wa tebulo logwedera.

Chingerezi changa chinali cha pachitini cha tiyi.

Ndiye usiku, nkhosa zikalowa m'khola,
Jyrgalbek akayamba mkonono wake,
ndimaponya ndowe zouma mumbaula
n'kukhala pansi ngati mwana wa kalasi yoyamba.
Netiweki imagwira pawindo la kumpoto pokha,
pomwe chisanu chimaloweranso.
Foni ndimaifungatira kukhwapa
kuti kuzizira kusamwe batire.

Muli mtsikana wina m'vidiyo, kwawo sindikudziwa,
kumbuyo kwake kumadutsa mphaka,
amayasama pang'onopang'ono kuti ndione pokhala lilime.
Ndikamuimitsa amaima.
Ndikamubweza sakwiya.
Ndamubwezapo kakhumi n'kasanu pa liwu limodzi.
Mphunzitsi wanji wofatsa chonchi?
Ine kachiwiri kokha ndinkamenyetsa rula patebulo.

Muli dikishonale yolankhula:
ukadina apa, bambo atchula,
ukadina apo, mayi atchula mosiyanako,
ndipo akuti onse akulondola.
Muli nkhani zomvetsera zazifupi ngati kuwira kwa ketulo,
ndimazikopera pakati pa usiku, mzere ukapepuka,
ndi masamba a mafunso oti tidzasindikize
ahedi akadzagula inki.
Zina ndi mankhusu okhaokha.
Zina zimakusekerera sabata yathunthu,
ukazolowera, zikuti bweretsa khadi la kubanki.
Zabwinozo ndazilemba ndi pensulo
kuchikuto cha kaundula wa kalasi.

Koma kalipo kapulogalamu kamwano.
Kamatchera khutu ndikamatchula, n'kundipatsa malikisi.
Pa liwu lija lofuna lilime pakati pa mano
kamandifiiritsira sikirini usiku uliwonse.
Dzino langa lakutsogolo linatsala pachipata
chaka chomwe hatchi inadzidzimuka,
mpweya umathawira pagwerupo.
Foni ndingaifotokozere bwanji za hatchi?

M'mawa ndimalowa m'kalasi
ndili tsiku limodzi patsogolo pa ana,
tsiku limodzi lokha,
ngati woponda chipale chofewa kuti ena atsate mapazi.

Lachitatu lina Kubanych anaimika mkono,
Kubanych wa benchi lakumbuyo,
amene kope lake limanunkha petulo.
Aphunzitsi, satero.
Ndipo analitchula, liwu langa lija,
losalala, lopanda chipsera,
ngati anabadwa nalo m'kamwa.

Kalasi inati zii.
Aizirek anabisa nkhope m'mpango.
Makutu anga anatentha.
Zaka makumi awiri ndi zitatu zinaima kumbuyo kwanga
zikunong'ona kuti, mutulutseni ameneyo.

Ndinameza malovu. Safunsa adadya phula.
Walitola kuti?
Akuti kwa bambo wina wa ndevu
amene amamasula mainjini a njinga zamoto pa intaneti
uku akulankhula ndi masipanala ake.
Palibe buku, palibe mayeso,
mnyamata ankangofuna kuti njinga ya malume ake ilire.

Ndinamupatsa choko.
Analemba dzina la bamboyo pabolodi, mopendama,
kenaka ndinamutsegulira kaundula.
Tsopano pachikuto paja pali zolemba za manja asanu ndi awiri:
wina nyimbo, wina zophika,
wina mayi wofotokoza nyenyezi.

Dzulo kapulogalamu kaja kandipatsa sikisite wani.
Ndinaseka ndekha mpaka Jyrgalbek kutembenuka.
Ukulankhula ndi ndani usiku uno?
Ndinamuyankha m'Chingerezi, chiganizo chathunthu,
lilime pagweru, mpweya ukuthawa momwemo.

Anandiyang'ana nthawi yaitali.
Kenaka anati, ukamaliza utseke windolo,
n'kudzifunditsa bulangete kumutu.